Madimba ndi nkhalango za kumadzulo kwa Lilongwe

Madera a kumadzulo ndi kumpoto kwa boma la Lilongwe, monga Mpingu, Namitete, Nsaru ndi Kabudula, ali pa chigwa chachonde chomwe anthu amalimapo chimanga, mtedza ndi fodya. Mitengo yachilengedwe inatha m'malo ambiri chifukwa chotsegula minda, nkhuni, makala, kuotcha njerwa ndi kumanga zigafa. Ndiye mu Okutobala, dziko likauma gwa, malo obiriwira amaonekera patali, ndipo ambiri mwa iwo ndi madimba ndi manda.

Dimba ndi munda wa banja womwe umakhala kudambo kapena m'mbali mwa mtsinje, monga Namitete ndi Nambuma yomwe imathira mu Bua. Ntchito yake imakula mvula ikatha, anthu akakolola kumunda wa kumtunda. Mwini dimba amakumba chitsime chosazama pakona, namathirira ndi kheni kapena thiredo pampu m'mamawa dzuwa lisanakwere. M'mabedi mumakhala mpiru, repu, chayinizi, tomato ndi anyezi. M'mphepete muli nzimbe ndi nthochi, ndipo mpanda wa udzu kapena minga umatchinga mbuzi ndi ng'ombe zomwe zimangoyenda mwatayale m'chilimwe. Dimba losamalidwa bwino ndi lokongola kuposa kapinga wa ku hotela, chifukwa chilichonse chomera mmenemo chili ndi ntchito: bonongwe ndi luni zomera zokha pakati pa mizere sazizula, ndi ndiwo zamasana. Zotsala zimakwera pa njinga kupita ku misika ya Msundwe ndi Nsaru, kapena mumzinda. Vuto limabwera pomwe alimi alima mpaka m'gombe la mtsinje: dothi limakokoloka ndipo madzi amaphwa msanga.

Manda a Achewa ndi nkhalango zomwe nkhwangwa sinazithe. Kudula mtengo kumanda popanda chilolezo cha mfumu ndi mlandu, choncho mitengo ikuluikulu yomwe inasowa m'minda, monga mkuyu ndi muwanga, imapezekabe kumeneko pamodzi ndi mbalame ndi zitsamba zamankhwala. M'midzi yambiri dambwe la Gule Wamkulu, yemwe bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005, limakhala m'nkhalango yomweyo. Mwambo wateteza mitengo imeneyi mwamphamvu kuposa mmene malamulo olembedwa achitira m'nkhalango zina za boma.

Malo odziwika kwambiri pa nkhani ya zomera m'derali ndi Chitedze, pa msewu wa ku Mchinji, makilomita pafupifupi 16 kuchokera mumzinda wa Lilongwe. Malo a kafukufuku wa zaulimi amenewa anatsegulidwa mu 1948. Bungwe la ICRISAT linayamba ntchito yake ya mtedza pamenepo mu 1982, ndipo mtedza wa CG7 womwe alimi amaudziwa bwino unachokera ku ntchito imeneyi. Kuyambira 1992 ku Chitedze kulinso nkhokwe ya dziko yosungira mbewu zamakolo monga mapira, mawere, nzama ndi khobwe, kuti mtundu wake usathe.

Pafupi ndi pomwepo pali munda wa Never Ending Food, wa banja lomwe limaonetsa ulimi wa permaculture. Pakhomopa sasesa mpaka dothi kuyera mbee ngati mmene timachitira m'makomo ambiri. Masamba ogwa amaphimba nthaka, madzi otsukira mbale amapita ku nthochi, ndipo mitengo ya zipatso, mbewu zoyanga ndi ndiwo monga chisoso ndi denje zimamera mosakanikirana. Alimi ndi ophunzira amapitako kukaona kuti bwalo la nyumba likhoza kudyetsa banja chaka chonse.

Nthawi yabwino yoona madimba ndi kuyambira Juni mpaka Okutobala. Mlendo ayambe walonjera mwini dimba, ayende m'tinjira osaponda mabedi, ndipo ndi ulemu kugulako kamulu ka tomato kapena nzimbe. Ku Chitedze ndi ku Never Ending Food ndi bwino kudziwitsiratu musanapite. Kumanda kokha salowako mwachisawawa: wofuna kuona mitengoyo aonere patali, kapena apite kaye kwa a mfumu kukapempha.