Zilapi: kuchoka pamoto kufika m'buku

Lero ndati tikambeko za mbiri ya zilapi, zimene ena amati ndagi.

Poyambirira zilapi sizinali zolemba. Anali masewera a madzulo, anthu atadya nsima. Wina ankati "Chilapi!" anzake n'kuyankha "Nachize!" Kwina amati "Ndagi!" yankho n'kukhala "Giize!" Akatero ankaponya mawu ake: nyumba yanga yopanda khomo. Wodziwa ankafuula kuti dzira. Onse akalephera ankalipira ng'ombe yapakamwa chabe, mwini chilapi n'kumakana yowonda mpaka am'patse yonenepa, ndiye aulule. Kwa ine kukoma kwake kunali pamkangano umenewu.

Azungu atafika anayamba kuzilemba. M'chaka cha 1907, R. Sutherland Rattray, amene ankagwira ntchito ku African Lakes Corporation, anatulutsa buku la nthano ndi nyimbo za Chinyanja, ndipo anaikamo zilapi. Nthawi imeneyo woyang'anira dziko lino anali Alfred Sharpe, yemwe dzina lake linatsalira pa malo athu ano. Ana a Fomu 1 ndimawafunsa tanthauzo la Sharpevale ngati chilapi, ndipo ndi ochepa amene amatulukira kuti ndi "chigwa cha Sharpe". Mu 1939 Ernest Gray anasindikiza zilapi zina m'magazini ya Bantu Studies. Tiwayamikire anthuwa, koma anachita chinthu chimene agogo athu sakanalola: analemba funso ndi yankho lake pambali. Ng'ombe ija inathera pomwepo.

Chichewa chitakhala chilankhulo cha dziko mu 1968, zilapi zinapeza malo m'kalasi. Apa ndi pamene ife aphunzitsi tiyenera kudzifunsa. Mwana amaloweza kuti yankho ndi dzira monga amalowezera chaka cha nkhondo ya John Chilembwe, 1915. Akhoza mayeso, inde, koma muuzeni apeke chake muone m'mene akandire mutu. Chonsecho akale ankapeka. Ankayang'ana bowa, utsi, nzimbe ndi chiswe n'kuzibisa m'mawu. Steve Chimombo, m'buku lake la 1988 lotchedwa Malawian Oral Literature, anaziika zilapi m'gulu la luso lenileni, pamodzi ndi nthano ndi nyimbo.

Kunja nako anali ndi zawo. Crossword yoyamba ya m'nyuzipepala anaikonza Arthur Wynne, ndipo inatuluka mu New York World pa 21 Disembala 1913. Ndinayesapo kukonza ya Chichewa kuti ana azisewera Lachisanu. Si ntchito yamasewera! Mawu athu amathera ndi a, e, i, o kapena u, choncho kuwalumikiza m'timabokosi kumavuta, ndiye pali kachizindikiro ka mu "ng'ombe" kosowa pokhala. Komanso crossword munthu amachita yekha, cholembera kukamwa, pamene chilapi chimafuna gulu ndi phokoso.

Chaka chino ndasintha kachitidwe. Gulu lililonse limabwera ndi chilapi chatsopano, ndipo olephera amalipira ng'ombe monga kale. Mtsikana wina wa Fomu 2 anaponya ichi: mwana wanga amalira m'thumba, ndikamuika kukhutu amatonthola. Anzake anapereka ng'ombe zitatu asanawauze kuti ndi foni.

Inu amene munakulira kuno ku Bwanje, ngati mukukumbukira zilapi za agogo anu, makamaka zonena za sitima ndi njanji yathuyi, nditumizireni. Yankho musalembe.