Chotupa cha Kunsi kwa Phiri

Chaka changa chachiwiri ndikuphunzitsa kuno kwa Makhuwira ndinali ndi kamnyamata m'sitandade 2 kamene kankakhala kutsogolo, pafupi ndi bolodi. Lolemba lina kanabwera tsaya lakumanzere litafufuma. Tonse tinati ndi matsagwidi, aphwa okha. Lolemba linalo mano ake anali akugwedera ngati chimanga chofumbwa, diso litayamba kutuzuka. Mayi ake anandipeza pakhonde la sukulu, nagwada n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mwana wanu uja anthu amuchita chipongwe." Anali atamuzulitsa kale dzino, atamutemeranso mphini kuzungulira chotupacho. Mpunga usanache ku Nkhate tinakamuika. Dzina la nthendayo ndinalimva patapita zaka zambiri, ndipo nditayamba kufufuza mbiri yake ndinapeza kuti chigwa chathu chino chilimo.

Mu 1957 dokotala wa opaleshoni wa ku Ireland, Denis Burkitt, munthu wa diso limodzi amene ankagwira ntchito pa chipatala cha Mulago ku Kampala, anaona mwana wa zaka zisanu atatupa nsagwada mbali zonse. Patangopita masabata ochepa anaonanso wina ku Jinja. Analemba za matendawa, amene ndi khansa, mu 1958, koma ochepa ndiwo analabadira. Iye sanagwe ulesi. Anatumiza timapepala ta zithunzi m'zipatala za mu Africa kufunsa ngati nawonso amaona ana otere. Kenako mu Okutobala 1961 ananyamuka ndi anzake awiri, madokotala a mishoni Ted Williams ndi Cliff Nelson, pa galimoto yakale ya Ford. Anayenda mamailosi 10,000 m'masabata khumi, kuyima m'zipatala zoposa 50, ndipo anadzera muno mu Nyasaland.

Zimene anapeza kuno ndi zimene zimandigwira mtima. Ana odwala chotupachi ankachokera m'mbali mwa nyanja ndi m'zigwa zotentha, osati kumapiri. Kufupi ndi Uganda nthendayi inkalekezera pa mafiti 5,000 kutalika kwa malo, koma kuno kwathu inkalekezera pa mafiti 3,000, mamita ngati 900. Imirirani pa Thabwa muyang'ane kumtunda kumene msewu wa ku Blantyre ukukhotakhota. Malire amene Burkitt anawapeza ali penapake pa chitunda chimenecho. Blantyre ali pamwamba pake, ife tili pansi penipeni, kumene ngakhale mu Juni udzudzu wa m'madambo a Shire sutipatsa tchuthi.

Poyamba Burkitt ndi anzake ankaganiza kuti udzudzu umanyamula vayirasi yoyambitsa khansayi. Pa 22 Malichi 1961, ulendo wa pa galimoto uja usanachitike, Burkitt anakamba za matendawa pa Middlesex Hospital ku London, ndipo mwa omvera munali Anthony Epstein, amene anapempha kuti azimutumizira tizidutswa ta zotupazo pa ndege kuchokera ku Kampala. Zaka pafupifupi zitatu anafufuza osapeza kanthu. Mu Disembala 1963 ndege ina inalephera kutera ku London chifukwa cha chifunga, n'kukatera ku Manchester. Katunduyo anafika mochedwa, madzi a m'botolo atachita mbuu ngati aola. Wina akanataya. Epstein atayang'ana pa maikulosikopu anaona kuti ndi maselo a khansa amoyo akuyandama. Anawamereza, ndipo mu 1964 iye, Yvonne Barr ndi Bert Achong analengeza vayirasi yoyamba kupezeka m'khansa ya munthu, imene lero imatchedwa Epstein-Barr.

Koma nkhani inavuta. Vayirasiyo inapezeka kuti ili mwa anthu akuluakulu oposa 90 pa 100 aliwonse padziko lonse, ku London ngati ku Livunzu, ndipo imafala ndi malovu, osati udzudzu. Nanga bwanji chotupa chikusankha ana a kuchigwa? Apa m'pamene malungo analowa pa mlandu. Udzudzu unali ndi mbali ndithu, koma katundu umene unkanyamula anali wina.

Chotsala chinali kudziwa chimene chimathyoka m'kati mwa selo, ndipo iyi inali ntchito ya akatswiri a majini. (Mawu amenewa ndimawatchula mosamala pamaso pa akuluakulu. Tsiku lina ndikufotokoza pa maliro, agogo ena anandidula: "Eya, si zomwezo tinkanena ife, kuti ndi majini!") Majini amene ndikunena ndi malangizo olembedwa mu DNA, osanjidwa pa timizere 46 totchedwa chromosome m'selo iliyonse. Mu 1972 George Manolov ndi Yanka Manolova anaona kuti m'maselo a chotupachi chromosome 14 ndi yotalikirapo. Mu 1976 Lore Zech ndi anzake anapeza kuti kachidutswa koonjezerako kanathothoka pa chromosome 8. Mu 1982 magulu awiri ku America, la Carlo Croce ndi Riccardo Dalla-Favera komanso la Philip Leder, anazindikira kuti pa kachidutswako pali jini yotchedwa MYC, imene imalamula selo kuti igawikane.

Ine ndimazimva chonchi. MYC ili ngati geti la ngalande ya ku sikimu, limene limatsegulidwa pa nthawi yake n'kutsekedwanso. Ikasamukira pa chromosome 14 imakakhala pafupi ndi majini opanga asilikali a thupi, amene m'maselo otchedwa B sagona, ndiye geti lija silitsekedwanso. Mwana wodwala malungo kangapo pachaka, maselo ake a B amakhala akugawikana n'kumadula ndi kulumikiza DNA yawo kuti apange asilikali atsopano. Kudula kukachuluka, tsiku lina amalumikiza polakwika. Selo yolakwika chotero imayenera kudzifera yokha, koma vayirasi ija imaithandiza kukhala ndi moyo. N'chifukwa chake chotupachi chimatha kukula kuwirikiza m'masiku awiri okha, monga ndinaonera ndi maso anga pa kamnyamata kaja.

Umboni wina unachokera konkuno. Mu 2008 Nora Mutalima, Elizabeth Molyneux ndi anzawo anafalitsa kafukufuku wa ana a pa Queen Elizabeth Central Hospital, woonetsa kuti mwana amene magazi ake ali ndi zizindikiro zambiri za malungo ndi za vayirasiyi pamodzi ali pa chiopsezo choposa kakhumi. Mayi Molyneux, mothandizana ndi Peter Hesseling wa ku Stellenbosch, anakonzanso njira yotsika mtengo yochizira, yodalira kwambiri mankhwala a cyclophosphamide, imene inkapulumutsa ana pafupifupi theka. Kumaiko olemera amapulumuka pafupifupi 9 pa 10 aliwonse. Amuna awo a mayiwa, Malcolm Molyneux, anathera zaka zambiri akufufuza malungo mumzinda womwewo wa Blantyre.

Chikwawa ndi Nsanje anali m'gulu la maboma 11 amene anayamba kulandira katemera wa malungo mu 2019, ndipo ine ndimaonera ana amene anabayidwawo ndi chidwi china chimene makolo awo sachidziwa.

Zaka zingapo ndisanapume pantchito, mdzukulu wa mnansi wanga anatupa tsaya, mano n'kuyamba kugwedera. Ndinapita kwa agogo ake usiku womwewo. "Achimwene, gulitsani mbuzi, mawa mukwere phiri." Anandiyang'ana nthawi yaitali, chifukwa mbuziyo inali imodzi yokha. M'mawa tinamukweza pa njinga ya kabaza mpaka pamene tinapeza galimoto ya ku Thabwa. Anabwerako patatha mwezi ndi theka, mutu uli mpala, tsaya litaphwa. Pano ndi mnyamata wamkulu, amalima mpunga ku Nkhate.