Makina ofewetsa makoko a zipolopolo: nkhani yoyambira m'khola la mahatchi

Asilikali a Britain amene ankakhala ku India ankapumitsa mfuti dzinja likafika, chifukwa mvula ya kumeneko siinkalola gulu lankhondo kuyenda. Mabokosi a zipolopolo ankawasunga m'makola a mahatchi mpaka kunja kutauma. Powatsegula ankapeza makoko ambiri atang'aluka pakhosi, pamene khoko limagwirira chipolopolo, chikhalirecho sanaomberedwepo. Gwero lake linadziwika mu 1921, pamene akatswiri atatu, Moore, Beckinsale ndi Mallinson, anaonetsa kuti amoniya wa mu mkodzo wa mahatchi amang'alula mkuwa umene unatsala wokokeka poupanga. Mankhwala ake anali moto: kutenthetsa khoko kuti mkuwawo umasuke.

Amene anaonapo gogodela akudziwa kuti onga ndi chipolopolo amazithira kukamwa kwa mfuti padera. Khoko la mkuwa linabwera kudzamanga zonse pamodzi. Mu 1866 Edward Boxer, wa ku Royal Arsenal ku Woolwich, anatulukira khoko lokulunga kuchokera ku mkuwa wopyapyala. Mu mfuti za Martini-Henry makoko oterewa ankakanirira mfuti ikatentha, ndipo asilikali anadandaula nawo ku Zululand mu 1879 ndi ku Sudan mu 1885. M'malo mwake munalowa khoko lolimba, lofinyidwa ndi makina kuchokera ku chidutswa chimodzi cha mkuwa wa magawo 70 a kopa ndi 30 a zinki.

Mkuwa umenewu uli ndi khalidwe lomwe mwana aliyense amene anapangapo galimoto ya waya amalidziwa. Ukapinda waya pamalo amodzi kangapo, umauma kenako n'kuthyoka. Khoko likaombedwa limafutukuka, mwini wake akalibwezera mu msinkhu wake limafinyika, ndipo khosi limauma pang'onopang'ono mpaka kung'aluka.

Ku America, kumene anthu akhala akudzazanso makoko awo kunyumba kuyambira kale (kampani ya Ideal ya John Barlow inayamba kugulitsa zida zake mu 1884 ku New Haven), njira yakale yofewetsera makosi a makoko inali ya m'mbale. Munthu ankaimika makoko m'madzi ofika chapakati, n'kuzimitsa magetsi kuti aone mtundu bwino, n'kuwotcha khosi ndi lawi la gasi mpaka liyambe kufiira, kenako n'kuligwetsera m'madzimo. Osula makasu angadabwe pamenepa, pakuti chitsulo chotentha chikanyikidwa m'madzi chimalimba, koma mkuwa sutero. Ntchito ya madziwo inali kuteteza tsinde la khoko. Tsinde likafewa, khoko lingaphulike m'mfuti pafupi ndi nkhope ya woombera.

Vuto la mbale linali maso a munthu. Wina amaona kufiira msanga, wina mochedwa, pamene sekondi imodzi kapena ziwiri ndi zokwanira kupyoza muyeso. Ena anayamba kupaka Tempilaq, utoto umene umasungunuka pa kutentha kolembedwa pabotolo, ndipo wotchuka pantchitoyi ndi wa madigiri 750 a Fahrenheit, pafupifupi 400 a Celsius. Kenako kunabwera makina a lawi monga Bench-Source, Giraud ndi Annealeez, amene amazunguza khoko lililonse pamoto kwa nthawi yofanana. Makinawa anathetsa vuto la nthawi, koma lawi limasinthabe gasi akamachepa m'botolo kapena mphepo ikalowa pakhomo.

Njira yonyika makosi mu mchere wosungunuka inakopa anthu kwa kanthawi chifukwa chotchipa. Ine sindingaifune m'nyumba mwanga, chifukwa dontho la madzi likagwera mu mchere wotentha chotero umathovukira munthu.

Makina okwera mtengo kwambiri lero alibe lawi. Amatenthetsa mkuwa ndi mphamvu ya maginito yochokera ku koyilo ya magetsi, ndipo odziwika kwambiri ndi a kampani ya ku New Zealand yotchedwa Annealing Made Perfect. Mtengo wake ndi wa makina a lawi angapo. Mlenje amene amaombera zipolopolo zochepa pachaka sangaone phindu la ndalama zimenezo, lawi ndi Tempilaq zimukwanira. Ogula ambiri ndi opikisana kuombera patali, mpaka mayadi 1,000, amene amafuna kuti khosi lililonse ligwire chipolopolo ndi mphamvu yofanana, ndipo ena amafewetsa khoko nthawi iliyonse akaliombera. Makinawa ali ndi pulogalamu yotchedwa AZTEC: mwini wake amapereka khoko limodzi la m'gulu la makoko amene anagula, makina amalitenthetsa mpaka khosi litawonongeka, n'kutulutsa nambala yoti agwiritse ntchito pa makoko onse a gulu limenelo. Akagula makoko a gulu lina, amaperekanso limodzi.