Blic, nyuzipepala ya "miseche" yomwe inalemba zoona mu 1996

Nditangoyamba kuwerenga za manyuzipepala a ku Serbia, Blic ndinkaiderera. Mitu ya nkhani ikuluikulu, zithunzi za oimba, tinkhani tifupitifupi ta ngozi ndi ta zibwenzi za anthu otchuka. Ndinkati ndi ya miseche basi. Mbiri yake ndiyo inandibweza maganizo.

Blic inayamba kutuluka ku Belgrade pa 16 Sepitembala 1996, nthawi ya ulamuliro wa Slobodan Milošević. Patangopita miyezi iwiri, kunachitika zisankho za makhansala. Mgwirizano wa zipani zotsutsa wotchedwa Zajedno unapambana ku Belgrade, ku Niš ndi m'mizinda ina ikuluikulu, koma boma linakana zotsatirazo. Anthu anakhamukira m'misewu tsiku ndi tsiku kwa miyezi pafupifupi itatu, kunja kukuzizira koopsa, ndipo ophunzira a ku yunivesite anali ndi zionetsero zawozawo. Kanema wa boma, RTS, ankabisa kapena kupotoza nkhaniyi, moti ikakwana 7:30 madzulo, nthawi ya nkhani, anthu ankamenya mapoto ndi ziwaya m'mawindo kuti mawu a mtolankhani asamveke.

Blic inkalemba zomwe zinkachitika m'misewumo, ndipo anthu anayamba kuilimbirana. Vuto linali lakuti inkasindikizidwa pa makina a kampani ya boma, Borba, ndiye kampaniyo inangochepetsa chiwerengero cha makope. Apa mpamene pamandichititsa chidwi: sipanafunike wapolisi kapena khothi, mwini makina anali wokwanira. Mu Febuluwale 1997 Milošević anagonja pa nkhani ya zisankhoyo, ndipo Zoran Đinđić anakhala meya wa Belgrade.

Sikuti Blic ndiyo inali yolimba mtima kuposa onse. Chaka chomwecho cha 1996, Slavko Ćuruvija anayambitsa Dnevni telegraf, nayonso ya mitu ikuluikulu, koma yoluma kwambiri. Mu Okutobala 1998 boma linakhazikitsa lamulo lolipiritsa manyuzipepala chindapusa chosaneneka, nduna yofalitsa nkhani ali Aleksandar Vučić, amene anadzakhala pulezidenti mu 2017. Dnevni telegraf inafinyidwa mpaka inayamba kukasindikizira ku Montenegro. Pa 11 Epulo 1999, ndege za NATO zikuphulitsa dzikolo, Ćuruvija anawomberedwa pakhomo pa nyumba yomwe ankakhala ku Belgrade.

Blic inapulumuka, ndipo ineyo ndimaona kuti inapulumuka chifukwa inkadziwa pofika ndi pobwerera. Ena angati ndi mantha, ena angati ndi nzeru za bizinesi. Mwina ndi zonse ziwiri. Mu 2004 inalowa m'manja mwa kampani ya ku Switzerland, Ringier. Lero ambiri amaiwerenga pa foni, pa blic.rs, imodzi mwa masamba a nkhani otsegulidwa kwambiri ku Serbia. Makina a Borba alibenso mphamvu pa iyo, koma pali bwana wina: otsatsa malonda ndi kuchuluka kwa odina mutu wa nkhani. Mukatsegula tsambalo, ndale, mpira ndi chisudzulo cha woimba zili phwamwamwa malo amodzi.

Mlandu wa Ćuruvija unatenga zaka 20 kuti upeze chigamulo. Mu 2019 khothi linapeza olakwa akuluakulu anayi akale a nthambi ya ukazitape ya boma, ndipo mu 2021 linabwerezanso. Mu Febuluwale 2024 zinalengezedwa kuti khothi la apilo lawamasula onse anayi.