Concorde ya pa tebulo

Luso lolumikiza tindege tapulasitiki linayambira ku Britain. Mu 1936 kampani ya Frog inayamba kugulitsa tizidutswa ta ndege m'mabokosi pa muyeso wa 1:72, kutanthauza kuti masentimita 72 a ndege yeniyeni ankakhala sentimita imodzi pa kachifaniziro. Kenako kunabwera Airfix, kampani imene Nicholas Kove wa ku Hungary anakhazikitsa mu 1939. Pa zifaniziro zolumikiza inayamba ndi kathirakitala ka Ferguson mu 1949, ndipo mu 1953 inatulutsa Spitfire, ndege yankhondo.

Pa 29 Novembala 1962 maboma a Britain ndi France anasainirana pangano lopanga Concorde, ndege yonyamula anthu yothamanga kuposa liwiro la mawu. A Airfix sanadikire. Pofika 1966 bokosi la Concorde, pa muyeso wa 1:144, linali kale m'masitolo, ndegeyo isanauluke n'komwe. Ana ankamata pa kandegeko zizindikiro za kampani ya ndege ya BOAC, koma Concorde sinanyamulepo anthu m'dzina limenelo, chifukwa mu 1974 BOAC inalowa mu British Airways.

Ndege yeniyeni inanyamuka koyamba pa 2 Malichi 1969 ku Toulouse, woyendetsa wake ali André Turcat. Maulendo olipiritsa anayamba pa 21 Januwale 1976, wina kuchokera ku London kupita ku Bahrain, wina kuchokera ku Paris kupita ku Rio de Janeiro kudzera ku Dakar. Zinapangidwa 20 zokha. Inkanyamula anthu pafupifupi 100, inkakwera mpaka makilomita 18 m'mwamba, ndipo ulendo wa London ndi New York unkatha m'maola atatu ndi theka.

Liwiro limenelo ndi lomwe linasankha mtundu wa penti. Pa makilomita oposa 2,100 pa ola, mpweya unkatenthetsa mphuno ya ndegeyo kufika madigiri 127, thupi lake n'kutalika ndi masentimita angapo. N'chifukwa chake inapakidwa penti yoyera yapadera yothandiza kuchepetsa kutentha. Mu 1996 ndege imodzi ya Air France itapakidwa buluu potsatsa Pepsi, mapiko anasiyidwa oyera, ndipo sinkaloledwa kukhala pa liwiro lake lonse kupitirira mphindi 20.

Kuyera kumeneku ndi kumene kumayesa wopanga kachifaniziro, ndipo ine ndimamulemekeza kwambiri amene wakukwanitsa. Ndege yankhondo imabisa zolakwa m'mawangamawanga ake, pomwe Concorde ili ngati malaya oyera a paukwati, kadontho kalikonse kamaonekera patali. Thupi limabwera m'zibenthu ziwiri. Guluu wake amasungunula pulasitiki pang'ono kuti zibenthuzo zigwirane, koma msoko umatsala. Umafunika kuumata, kuupala ndi sandipepala, kupaka penti yoyambira, kuuyang'ana powala, n'kubwerezanso mpaka chala chisaumvenso. Penti yoyera siphimba msanga. Wopupuluma amathira yambiri, n'kuyenderera m'mapiko. Wodziwa amapopera pang'onopang'ono maulendo angapo, akudikira kuti iume. Akatero amaviika m'madzi timapepala ta zizindikiro n'kutitsetsereza pathupi losalalalo. Vanishi nayenso ngofunika kusankha bwino, chifukwa wina amasanduka wachikasu pakapita zaka.

Palinso nkhani ya mphuno, imene inkaweramitsidwa kuti oyendetsa aone bwalo: madigiri 5 ponyamuka, 12.5 potera. Mabokosi ena amalola munthu kusankha, ndipo amene waiweramitsa ayeneranso kutulutsa mateyala.

Pa 25 Julaye 2000 Concorde ya Air France inagwa ku Gonesse, pafupi ndi Paris, anthu 113 n'kumwalira. Maulendo anayambiranso chaka chotsatira, koma okwera anachepa ndipo kusamalira ndegezo kunakwera mtengo. British Airways inanyamula anthu komaliza pa 24 Okutobala 2003. Pasanapite nthawi yaitali, Airfix ndi kampani ya ku France ya Heller anatulutsa Concorde ya 1:72, yotalika pafupifupi masentimita 86. Anthu a lusoli amaidandaula kuti zidutswa zake sizigwirana bwino, moti sandipepala amatha penti isanatsegulidwe.