Mphindi Imodzi Yopimila Nzelu

Mwana wa mlongo wanga anabwela kucokela ku sukulu tsiku lina atakwinya nkhope. Kunafika mlendo ndi tabuleti, anamupatsa pepala kuti awelenge, wochi n'kuyamba kuyenda. Atalephela mzele woyamba, mlendoyo anamuyamikila mwaulemu n'kumuuza kuti abwelele m'kalasi. "Amalume, nanga ndine cipuba ine?"

Mayeso amenewo dzina lake ndi EGRA. Mwana amapatsidwa mphindi imodzi, ndipo akalephela mawu onse a mzele woyamba, lamulo limati mayeso aimile pomwepo kuti asazunzike. M'cinenelo cathu liwu ndi limodzi: mwana awelenga nkhani, mlendo awelenga mawu amene mwanayo wakhoza. Funso la mphwanga linandicititsa kufufuza kumene wochi imeneyi inacokela.

Mu 1966, patangopita zaka ziwili cilandilileni ufulu, lamulo la maphunzilo linakhazikitsa Cingelezi kukhala cinenelo cophunzitsila kuyambila giledi 1. Zinakhala conco kwa zaka pafupifupi 30. Makolo podutsa pa windo la kalasi anali kumva ana akubweleza Cingelezi pamodzi ngati kwaya, n'kupita kwawo mitima ili m'malo. Koma kubweleza si kuwelenga. Kumayambililo kwa zaka za m'ma 1990, wofufuza wa ku Britain, Eddie Williams, anayesa ana a kuno ndi a ku Malawi, kumene makalasi anayi oyambilila anali kuphunzila m'Cicewa. Ana a ku Malawi anawelenga cinenelo cao bwino kwambili kuposa mmene athu anawelengela Cinyanja, ndipo m'Cingelezi, cimene ife tinali kunyadila, kusiyana kunali kocepa. Mu 1995 kafukufuku wa SACMEQ anapeza kuti mwa ana a giledi 6, mmodzi yekha mwa anayi ndiye anafika pa mlingo wotsikitsitsa wa kuwelenga. Ofika pa mlingo wofunikadi sanakwane 3 pa 100 alionse.

Conco sindingatukwane manambala. Popanda iwo tikanapitilizabe kuombela kwaya ija m'manja. Mu 1996 boma linatulutsa ndondomeko ya Educating Our Future, yolola kuti mwana ayambe kuwelenga m'cinenelo cimene amacidziwa. Anayesela ku Kasama m'Cibemba mu 1998, ndipo Primary Reading Programme inayamba mu 1999 ndi thandizo la boma la Britain. Pomwe New Breakthrough to Literacy inafalikila m'dziko lonse mu 2003, ine ndinali mu giledi 1 muno mu Lusaka. Ndikumbukila timakadi ta mawu timene tinali kundandalika kuti tipange ziganizo, ndi ngodya ya kalasi kumene aphunzitsi anali kuitanila gulu limodzi pamphasa pamene ena tikujambula.

Ndikumbukilanso kusokonezeka. M'buku munali madzi, kunyumba tinali kumwa manzi. Buku linali kulankhula, ife tinali kukamba. Mwana wa mu komboni akadodoma pa liwu lotelo, wochi siidziwa ngati walephela zilembo kapena wakumana ndi Cinyanja cimene sanacimvepo. Imangolemba kuti walakwa.

Nkhani imene ndimaikonda kwambili ndi ya Robert Serpell, katswili wa za maganizo a anthu pa Yunivesite ya Zambia, amene pambuyo pake anadzatsogolela yunivesiteyo. M'zaka za m'ma 1970 anapatsa ana a mu Lusaka ndi a ku Manchester nchito yofanana, yokopela zithunzi. Pa pepala ndi pensulo, a ku England anapambana. Atapatsidwa waya, athu anawasiya kutali. Wadabwa ndani? Tonse tinakula tikupinda magalimoto a waya okhala ndi ciwongolelo cacitali. Pa zoumba, magulu awiliwo anafanana, ndipo kucokela pamenepo kunabadwa mayeso ochedwa Panga Munthu, oumbitsa mwana munthu ndi dongo m'malo momugwilitsa pensulo.

Ku midzi ya ku Katete, Serpell anafunsa akuluakulu kuti pa ana a m'mudzi angasankhe uti pakagwa nchito yofuna mutu. Mayankho ao sanagwilizane ndi zotsatila za mayeso. Kwa Acewa aja, nzelu zinali ndi mbali ziwili: kucenjela ndi kutumikila, ndiko kuti mwana wotumika, wodalilika. Kucenjela kokha sikunali kutamandidwa kwenikweni, pakuti ngakhale Kalulu ndi wocenjela. Apa ndi pamene ndimaona kuti mapulogalamu athu a kuwelenga akhala akupimidwa ndi theka la muyeso. Liwilo amalipima bwino, ndipo ndi lofunika, cifukwa wowelenga mojejema amaiwala ciyambi ca ciganizo asanafike kumapeto. Koma zimene mwana amacita ndi zomwe wawelenga, kaya amafunsa funso, kaya amakana bodza lolembedwa, sizikwana m'mphindi imodzi.

Mphwanga sanali kudziwa kuwelenga tsiku lija, ndipo mlendoyo sananame. Ndinayamba kukhala naye madzulo alionse ndi makadi odula ku katoni ya sopo, monga aja a mu 2003. Patapita miyezi, uthenga unalowa pa foni ya ambuye ake wonena kuti wina wawatumizila ndalama molakwitsa, abweze msanga. Mnyamatayo anauwelenga liwu ndi liwu, cala cili pa galasi, ndipo zinamutengela mphindi zingapo. Atamaliza anayang'ananso pamwamba pa uthengawo.

"Ambuya, musatumize. Iyi ni namba ya munthu cabe, si ya kampani."