Kuchoka m'nkhalango kufika pakhomo: ulendo wa malemba a Ahindu

Cha m'ma 1903, loya wina wachimwenye wa ku Johannesburg ankamata timapepala pakhoma la chipinda chosambiramo. Pa kapepala kalikonse ankalembapo ndime za Bhagavad Gita, ndipo m'mawa uliwonse, mswachi uli m'kamwa, maso anali pakhoma, akuloweza. Mohandas Gandhi anasimba yekha m'buku la moyo wake kuti mwa njira imeneyi analoweza mitu 13 mwa mitu 18 ya bukulo. Ansembe akale a ku India akadaona zimenezi akadagwira pakamwa. Mawu opatulika pamalo otsukira mano, wowerenga wake mwana wa fuko la amalonda! Koma kuti malemba a Ahindu afike pakhoma limenelo anayenda zaka zoposa 3,000, ndipo ulendo wonsewo unali mkangano umodzi: kodi munthu wokhala ndi banja, munda ndi ngongole angafike pomwe amafika uja wathawira kunkhalango?

Pachiyambi funsoli kunalibe. Rigveda, yakale kwambiri mwa mabuku anayi a Veda, ili ndi nyimbo 1,028 zomwe zinapekedwa pakati pa zaka za m'ma 1500 ndi 1200 Yesu asanabadwe. Sizinalembedwe, mphunzitsi ankanena, mwana n'kubwereza, mpaka katchulidwe kalikonse ka Chisanskrit katakhazikika. Kupembedza kunali nsembe: moto, mafuta a mkaka wa ng'ombe, mbewu, ndi wansembe wa gulu la Abrahmana wodziwa mawu oyenera. Munthu wamba ankabweretsa zopereka n'kulipira. Malamulo amene anadza pambuyo pake anafika poletsa Ashudra, anthu a gulu la antchito, ngakhale kumva kokha mawuwo.

Cha m'ma 700 mpaka 500 Yesu asanabadwe, anthu ena anayamba kufunsa kuti kuseri kwa nsembezo kuli chiyani. Mayankho awo ndiwo mabuku a Upanishad, dzina lomwe ambiri amalimasulira kuti kukhala pansi pafupi ndi mphunzitsi. Mu Chandogya Upanishad muli bambo wina, Uddalaka Aruni, amene mwana wake Shvetaketu wabwera kuchokera ku maphunziro a zaka 12 akuyenda mothimbwidzika. Bamboyo sakumukalipira. Akumutuma kuti athire mchere m'madzi, abwere m'mawa. Kutacha mchere sukuoneka, koma mnyamatayo polawa pamwamba, pakati ndi pansi, ponse pali mchere. Phunziro lake n'lakuti Brahman, gwero la zonse, sagwirika ndi dzanja koma wafalikira paliponse, ndipo atman, umunthu weniweni wa mkati mwa munthu, si chinthu china chosiyana naye. Taonani kuti chiphunzitso chozama chonchi chinaperekedwa ndi ziwiya za kukhitchini.

Komabe ofunafuna a nthawi imeneyo ambiri ankachoka pakhomo. Yajnavalkya, mphunzitsi wamkulu wa mu Brihadaranyaka Upanishad, tikumupeza akugawa chuma chake kwa akazi ake awiri, Maitreyi ndi Katyayani, kuti iye alowere kuthengo. Aphunzitsi achipembedzo Buddha ndi Mahavira nawonso anasiya nyumba zawo. Anyamata amphamvu zawo akamameta mpala n'kutenga mbale yopemphera, ndani alima, ndani akumbukira makolo ndi nsembe? Akuluakulu anakonza zoti moyo ugawike panayi: kuphunzira, kumanga banja, kupatuka pang'ono ukakalamba, kenako kusiya zonse. Mwachidule ankauza mnyamata kuti ayambe waona zidzukulu. Kunali kungokankhira mlandu mawa.

Amene anauzenga mlanduwo ndi Bhagavad Gita, ndime 700 zomwe zili mkati mwa ndakatulo yaitali yotchedwa Mahabharata, zopekedwa mwina pakati pa zaka za m'ma 200 Yesu asanabadwe ndi 200 atabadwa. Malo ake si nkhalango ayi, ndi bwalo la nkhondo la Kurukshetra. Msilikali Arjuna waona aphunzitsi ake, agogo ake ndi abale ake ali mbali ya adani, uta wamupulumuka m'manja, akuti kuli bwino akakhale wopemphapempha. Mulungu Krishna, amene akumuyendetsera galeta, akukana. Akumuuza kuti palibe wamoyo amene angakhale osachita kanthu, choncho chofunika kusiya si ntchito koma kukakamira phindu lake. Gwira ntchito yako bwino, uipereke kwa Mulungu ngati nsembe, zotsatira zake usazigonere tulo. Imeneyi ndiyo karma yoga, ndipo inatsegulira khomo mlimi, mayi wapakhomo ndi wamalonda. Mutu wa 6 ukunena za kusinkhasinkha mosabisa: malo aukhondo, pokhala posatalika kwambiri kapena kufupika kwambiri, msana ndi khosi zowongoka, kudya ndi kugona mosapitirira muyeso. Arjuna akudandaula kuti kugwira maganizo kuli ngati kugwira mphepo, ndipo Krishna akuvomera kuti n'kovutadi, mankhwala ake n'kubwereza tsiku ndi tsiku. Aliyense amene anayesapo kupemphera mphindi zisanu osaganizako za ndiwo zamadzulo amumvetsa Arjuna.

Patanjali, cha m'ma 400 Yesu atabadwa, anasanja njira ya yoga imeneyi m'mawu afupiafupi osakwana 200, m'magawo asanu ndi atatu. Awiri oyamba, yama ndi niyama, ndi makhalidwe: osapweteka chamoyo, kunena zoona, osaba, kudziletsa, osaunjika katundu, ukhondo, kukhutira. Kenako kakhalidwe ka thupi, kapumidwe, kubweza maso ndi makutu kuchoka kunja, mpaka dhyana, kusinkhasinkha, ndi samadhi, kumira kotheratu m'kusinkhasinkhako. Za kakhalidwe ka thupi, zomwe lero anthu amaziyesa yoga yonse, Patanjali anangozipatsa mizere itatu.

Shankara wa ku Kerala, cha m'ma 700, ndi Ramanuja, cha m'ma 1100, analemba ndemanga zazikulu pa malembawa, koma m'Chisanskrit, chinenero cha ophunzira. Amene anawafikitsa kumsika ndi oimba a bhakti, njira ya kukonda Mulungu. Inayambira kumwera, kwa Atamil, ndi oimba 12 otchedwa Alvar ndi 63 otchedwa Nayanar, n'kumakwera chakumpoto. Ku Karnataka m'zaka za m'ma 1100, Basava ankaphunzitsa kuti ntchito ya manja ndi kupembedza kale. Mu 1290 Jnaneshwar anafotokoza Gita m'Chimarathi kuti anthu akumudzi amve okha. Kabir wa ku Varanasi anali woomba nsalu, Ravidas wosoka zikopa, ntchito yomwe a magulu apamwamba ankaiyesa yodetsa, ndipo Mirabai anali mkazi wa kubanja lachifumu amene apongozi ake analephera kumuletsa kuimba. Tulsidas anayamba Ramcharitmanas mu 1574 m'Chiawadhi, chinenero cha anthu wamba. Chida chachikulu cha anthu amenewa chinali japa, kubwereza dzina la Mulungu powerenga mikanda 108 ya pa chingwe chotchedwa mala; Mkatolika wozolowera kolona sangadabwe nacho. Ubwino wake n'ngwakuti sichifuna wansembe kapena sukulu. Mayi atha kutchula dzinalo akupera ufa.

Kenako kunabwera omasulira ndi makina osindikizira. Dara Shikoh, mwana wa mfumu yachisilamu Shah Jahan, anamaliza kumasulira mabuku a Upanishad m'Chiperisiya mu 1657, ndipo patangopita zaka ziwiri mbale wake Aurangzeb anamupha. Charles Wilkins anatulutsa Gita m'Chingerezi mu 1785. Swami Vivekananda atalankhula ku msonkhano wa zipembedzo ku Chicago mu 1893, anabwerera kwawo n'kukhazikitsa Ramakrishna Mission mu 1897, akunena kuti wokhulupirira kuti Mulungu ali mwa munthu aliyense amange chipatala ndi sukulu. Gita Press ya ku Gorakhpur, yoyambika mu 1923, inayamba kugulitsa Gita pamtengo woti ngakhale kalaliki wapositi agule.

Buku likafika m'manja mwa aliyense, aliyense amapezamo zake. Bal Gangadhar Tilak analemba Gita Rahasya ali m'ndende ku Mandalay, naona m'menemo chilolezo cholimbana ndi atsamunda. Gandhi, yemwe anayamba kuiwerenga ku London m'Chingerezi cha Edwin Arnold, ankati nkhondo ya ku Kurukshetra ndi ya mumtima mwa munthu, ndipo chiphunzitso cha kusaunjika katundu anachitenga kwenikweni mpaka kuleka kulipira inshuwalansi ya moyo wake, mkazi ndi ana ali pompo. B. R. Ambedkar, wobadwira m'gulu la anthu omwe ankatchedwa osakhudzika, sanakopeke: kwa iye, kuuza munthu kuti akhutire ndi ntchito yomwe anabadwira n'kutchinjiriza tsankho la magulu. Ine ndimaona kuti dandaulo lakeli silinayankhidwe mokwanira mpaka lero.

Kumayiko a azungu zinthu zinathamanga, zikupepuka m'njira. Paramahansa Yogananda anafika ku Boston mu 1920. Maharishi Mahesh Yogi anafupikitsa zonse kukhala mphindi 20 m'mawa ndi 20 madzulo, ndipo oimba a Beatles atapita kwa iye ku Rishikesh mu 1968, achinyamata anakhamukira konko. Mu 1975 dokotala wa ku Harvard, Herbert Benson, anatulutsa buku losonyeza kuti kubwereza liwu lililonse mwakachetechete kumatsitsa kugunda kwa mtima, Krishna akhalepo kapena ayi. Mu 2014 bungwe la United Nations linasankha 21 June kukhala tsiku la yoga. Kusinkhasinkha kunalowa m'zipatala, m'maofesi ndi m'mafoni, koma magawo awiri oyamba a Patanjali aja nthawi zambiri anatsala m'njira, poti kupuma pang'onopang'ono kumagulitsika pomwe kusaunjika katundu kulibe msika. Si onse anapeputsa: otsatira a Prabhupada, amene anakhazikitsa gulu la ISKCON ku New York mu 1966, amalonjeza kuzungulira mikanda ka 16 patsiku, ndiko kubwereza mawu awo ka 1,728.

Ahindu ambiri sanadikire zonsezi. M'nyumba zawo, ku Ahmedabad, ku Durban, ngakhale m'mabanja achimwenye a ku Limbe ndi Blantyre, mumakhala kangodya kokhala ndi zithunzi, kanyale ka mafuta ndi lubani, pomwe munthu amaima akangosamba asanatuluke. Amalonda ochokera ku Gujarat alinso ndi mwambo wawo pa chikondwerero cha Diwali, wotchedwa Chopda Pujan: amatenga mabuku atsopano olembamo ndalama, kuwaika patsogolo pa milungu Lakshmi ndi Ganesha, kuwadontheza utoto wofiira ndi kuwazapo maluwa ndi mpunga asanalembemo ngongole yoyamba ya chaka. Masiku ano ena amaikapo laputopu.